Buleki ndi moto m'dzanja limodzi: mmene galimoto imakonzedwera woyendetsa waulumali

Mukawerama n'kusuzumira pansi pa chiwongolero cha galimoto imene mwini wake amaiyendetsa ndi manja okha, mudzadabwa ndi kuchepa kwa zimene zilipo. Pali chogwirira chimodzi chotulukira pambali pa chiwongolero, ndodo yachitsulo yotsikira ku chopondera buleki, ina yopita ku chopondera moto, ndi chitsulo cholimba chomangirapo zonsezi. Basi. Munthu wodziwa kuwotcherera akaona amati izi ndingapange dzuwa lisanalowe, ndipo chofanana nacho m'maonekedwe angapangedi. Koma kuphweka kumeneku n'konyenga. Ndodo ija yalowa m'malo mwa mwendo, ndipo mwendo wa dalaivala umagwira ntchito yambiri kuposa mmene timaganizira. Umadziwa kuponda pang'ono ndi kuponda kotheratu, umachoka pa moto n'kufika pa buleki mutu usanamalize kuganiza, komanso umachirikiza thupi galimoto ikamakhota. Ntchito yonseyi ikasamukira ku dzanja, funso loyamba ndi lakuti dzanjalo ndi la ndani, ndipo lingathe chiyani. Mtundu wa galimoto umabwera pambuyo.

Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu. Franklin D. Roosevelt, pulezidenti wa America amene anafa miyendo atadwala mu 1921, ankadziyendetsa yekha pa Ford Phaeton ya mu 1936 yoikidwa zogwirira zamanja, ndipo galimotoyo ikadalipo m'nyumba yosungira mbiri yake ku Hyde Park, ku New York. Ku Britain, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, boma linatenga njira ina. Linkapereka kwa anthu aulumali tigalimoto tamatayala atatu tokwera munthu mmodzi, todziwika ndi dzina lakuti Invacar. Tinathandiza ambiri, koma tinali topepuka, tosateteza bwino pangozi, ndipo mwini wake sakanatha kunyamula mkazi wake kapena mwana. Mu 1977 kunakhazikitsidwa ndondomeko ya Motability yothandiza anthu kupeza galimoto wamba zosinthidwa molingana ndi matupi awo, ndipo mu 2003 tigalimoto tija tinachotsedwa pamsewu. Kumeneko n'kumene maganizo anakafika, ndipo ine ndimagwirizana nawo: munthu waulumali ayende m'galimoto imene aliyense amakwera, yosinthidwa pokhapo pamene thupi lake likufuna.

Asanagule chilichonse

Cholakwa chimene chimatayitsa anthu ndalama zambiri ndicho kuyamba ndi kugula galimoto, kapena kuitanitsa zida pa intaneti, kenako n'kumaona ngati mwini wake angazithe. Dongosolo labwino limayambira pa munthu. M'mayiko amene ntchitoyi inakhazikika, woyendetsa amayamba waonedwa ndi katswiri wothandiza anthu olumala ziwalo amenenso anaphunzira za kayendetsedwe ka galimoto. Ku America akatswiri oterewa ali ndi satifiketi yawoyawo yotchedwa CDRS, ndipo ku Britain kuli malo oyezera madalaivala aulumali. Amayeza mphamvu ya mkono pokankha ndi pokoka, kufumbata kwa zala, kutembenuka kwa khosi, maso, changu chochitapo kanthu zinthu zikasintha mwadzidzidzi, ndi kukhazikika kwa thupi pampando. Akatha apo amamukweza m'galimoto yophunzitsira yokhala ndi zida zosiyanasiyana kuti azilawe yekha.

Zonsezi n'zofunika chifukwa mawu akuti "sayenda" amabisa kusiyana kwakukulu. Tiyerekeze anthu atatu, onse oyendera njinga ya olumala. Woyamba anadulidwa miyendo yonse iwiri. Msana wake uli bwinobwino, mikono ndi yamphamvu, ndipo pafupifupi chida chilichonse chimuyenera. Wachiwiri anavulala mtsempha wa msana chapachifuwa. Manja ndi zala zikugwira ntchito, koma minofu ya pamimba ndi m'chiuno siimumvera, ndiye galimoto ikakhota mwamphamvu thupi limapendekera mbali, dzanja logwira chogwirira n'kupita nalo limodzi. Ameneyu angafunike lamba wa pachifuwa kapena zochirikiza m'mbali mwa mpando nkhani ya zida isanayambe n'komwe.

Wachitatu anavulala m'khosi. Madokotala amawerenga mfundo za msana wa m'khosi kuyambira C1 kumatsika. Wovulala pa C6 kawirikawiri amatha kupinda chigongono ndi kudzutsa dzanja, koma mnofu wowongola mkono, umene umalamulidwa makamaka kuchokera pa C7, umakhala wofooka, ndipo zala sizifumbata. Tsono pa zida zambiri buleki imagwira pokankha, ndipo kukankha kumadalira mnofu womwewo wowongola mkono. Chida chimene chinamuyenera woyamba uja chikhoza kuyendetsa wachitatuyu bwinobwino mumsewu wopanda anthu, n'kudzamukanika tsiku limene mwana wathamangira kutsogolo kwa galimoto.

Palinso ena amene zida zamanja si yankho lawo. Wodwala sitiroko amene anafa mbali yakumanja amatsala ndi mwendo ndi dzanja zakumanzere, ndipo chimene chimamuthandiza ndi chopondera moto choikidwa kumanzere kwa buleki. Koma sitiroko imathanso kuwononga kaonedwe, munthu n'kumalephera kuzindikira zinthu za mbali imodzi ya msewu, ndipo palibe chitsulo chingakonze zimenezo. Wodwala shuga amene mapazi anachita dzanzi ali ndi mphamvu yopondera koma samva chimene waponda, choncho zida zamanja zimamuthandiza ngakhale amayenda yekha. Matenda amene amakulirakulira, monga ofooketsa minofu pang'onopang'ono, amafuna kuti munthu aziyezedwanso nthawi ndi nthawi, poti chida chomuyenera chaka chino chikhoza kumulemera zaka ziwiri zikubwerazi.

Kankhani kuti muime, kokani kuti mupite

Chida chofala kwambiri ndi chokankha ndi kukoka. Mukakankhira chogwirira kutsogolo, ndodo imakanikiza chopondera buleki. Mukachikokera kwa inu, galimoto imalandira moto. Sikuti opanga anangosankha mwachisawawa kuti buleki ikhale yokankha. Galimoto ikamaima mwadzidzidzi thupi limaponyedwa kutsogolo, kulemera kwake n'kutsamira pa chogwirira chija, ndipo buleki imawonjezereka. Zikanakhala motembenuza, munthu wodzidzimuka akanagwera pa moto. Ubwino wina ndi wakuti chogwirira chimodzi sichingapite mbali ziwiri nthawi imodzi, choncho n'kovuta kupatsa moto uku mutagwira buleki. Kuipa kwake kumaonekera paulendo wautali, pamene dzanja limakhala likukoka mosalekeza mpaka zala ndi phewa kuwawa.

Mitundu inayo inabadwa pofuna kuthetsa kutopa kumeneku kapena kufooka kwa zala, ndipo pafupifupi yonse imasunga lamulo lija lakuti buleki ndi yokankhira kutsogolo. Pali chimene mumachikanikizira pansi, cha ku ntchafu, kuti mupatse moto. Kulemera kwa mkono kokha kumathandiza kusunga liwiro, koma chimafuna mpata wokwanira pamwamba pa bondo. Pali chopotokola ngati cha njinga yamoto, chimene chimafuna dzanja lofumbata bwino. Pali choimirira chimene mumachipendeketsera kumbuyo ndi chikhatho, chothandiza amene zala zawo n'zofooka. Ndiye pali zomangidwa pansi, pafupi ndi ndodo ya magiya, monga zopangidwa ndi kampani ya Veigel ya ku Germany. Zimenezi zimasiya malo a maondo opanda chitsulo chilichonse, ndipo dzanja limakhala motsika, momasuka.

Njira yosiyana kwambiri ndi ya mkombero wamagetsi woikidwa pamwamba kapena kuseri kwa chiwongolero, umene makampani monga Kempf ya ku France ndi Guidosimplex ya ku Italy amadziwika nawo. Mukaufinya ndi zala galimoto imalandira moto, manja onse awiri ali pa chiwongolero, ndipo buleki imakhala ndi chogwirira chakechake pambali. Izi zinaphweka chifukwa cha kusintha kwa magalimoto enieniwo. Kale chopondera moto chinkakoka kebulo yopita ku injini. Magalimoto ambiri amakono alibe kebulo imeneyi; chopondera chili ndi masensa amene amauza kompyuta ya galimoto kuti phazi laponda kufika pati. Uthengawo umapita m'njira ziwiri, kompyuta n'kumaziyerekeza, ndipo zikasemphana imachepetsa mphamvu ya injini poganiza kuti china chake chawonongeka. Chida chamagetsi chimalumikizidwa pakati pa chopondera ndi kompyutayo, ndi mawaya opangidwira mtundu weniweniwo wa galimoto. Apa kudula waya mongoganizira n'koopsa kwambiri, chifukwa cholakwa chake sichioneka ndi maso.

Nkhani ya buleki

Pamenepa ndipempha kuti tichedwepo, chifukwa moto ukalephera galimoto imangoima, koma buleki ikalephera ndi maliro. Mwendo ndi wamphamvu kwambiri kuposa mkono, ndipo mabuleki anapangidwa poganizira mwendo. Malamulo a mayiko ambiri oyesera mabuleki a galimoto zazing'ono amalola kuti phazi liponde ndi mphamvu yofika ngati ya makilogalamu 50. Poyenda wamba sitifika pamenepo chifukwa pali booster, chida chimene chimachulukitsa mphamvu ya phazi, ndipo m'magalimoto ambiri chimadalira injini kuti ikhale ikulira. Injini ikazima galimoto ikuyenda, booster imathandiza kawiri kapena katatu, kenako chopondera chimauma gwa. Wamiyendo amachiimirira ndi thupi lonse. Wamanja ali ndi mkono umodzi wokha, winawo uli pa chiwongolero chimenenso chalemera nthawi yomweyo.

Chogwirira chamanja chimathana ndi vutoli monga mmene chitsulo chachitali chimatukulira mwala: dzanja limayenda mtunda wautali kuti ndodo ikankhe mwamphamvu pa mtunda waufupi. Koma mtunda ndi mphamvu zimagulana. Mukafuna kuti chogwirira chipepuke, chiyenera kuyenda kwambiri, ndipo kutsogolo kwake kuli dashibodi. Ngati chogwirira chigunda dashibodi, kapena zala zipanikizika, chopondera chisanafike pamapeto pake, ndiye kuti galimotoyo ilibe buleki yonse, ngakhale tsiku ndi tsiku imaima bwinobwino. Choipiranso n'chakuti mabuleki akayamba kutha, kapena mpweya ukalowa m'mapaipi ake, chopondera chimatsika kwambiri kuposa kale, ndiye mpata umene unkakwanira pa tsiku loika zida umatha mwakachetechete. Woika zida wodziwa ntchito amasiya mpata wapadera chifukwa cha zimenezi.

Malo amene ndodo yamangidwa pa chopondera amasinthanso zinthu. Ikamangidwa m'mwamba, pafupi ndi pamene chopondera chimazungulirira, dzanja limayenda pang'ono koma limafunika mphamvu yochuluka. Ikatsitsidwa, imapepuka koma imalowa m'malo a mapazi. Palibe muyezo umodzi wa onse. Zimatengera galimotoyo ndi mkono wa mwini wake. Ngati mkono sungakwanitsebe, pali njira yofewetsa mabuleki okhawo powonjezera mphamvu ya booster, koma imeneyo ndi ntchito ya akatswiri, ndipo imafuna chosungira mphamvu china choti chigwire ntchito injini ikazima.

Tsiku loika zida

Pa zida zokhala pambali pa chiwongolero, ntchito imayamba ndi chitsulo chomangirapo, chimene chimagwira pa malo olimba a pansi pa dashibodi kapena pa mabawuti a mtengo wa chiwongolero. Mtengo umenewu unapangidwa kuti pangozi uzifupika m'malo molasa chifuwa cha dalaivala. Munthu akauwotcherera, kuuboola, kapena kuumanga pamalo olakwika, amachotsa chitetezo chimenecho osadziwa. Magalimoto ena amakono ali ndi airbag ya m'maondo, thumba la mpweya lofufuma pangozi kuti liteteze munthu, imene imaphulikira ndendende pamene ndodo zimadutsa. Chisankho chake chimakhala choizimitsa motsatira malamulo a dzikolo, kapena kusankha chida chomangidwa pansi chimene sichidutsa pamenepo. Kungoisiya ili kuseri kwa zitsulo ndiye kosayenera, poti ikaphulika idzaponyera zitsulozo pa miyendo ya munthu.

Kenako pamabwera tinthu ting'onoting'ono timene timasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongoyerekeza. Ndodo ya buleki isatsamire pa chopondera pamene dzanja lapumula, chifukwa mabuleki azikhula pang'onopang'ono, atenthe, ndipo magetsi ofiira akumbuyo aziyaka nthawi zonse mpaka obwera m'mbuyo asiye kuwakhulupirira. Isakhalenso ndi mpata waukulu woti dzanja liyambe layenda buleki isanamve kanthu. Chopondera moto chizibwerera chokha msangamsanga mukasiya chogwirira, popanda kukakamira pena paliponse. Wina akaponda buleki ndi phazi, ndodo zisakoke moto. Chiwongolero chizungulire mbali zonse mpaka pamapeto dzanja lisanagunde chogwirira. Mawaya asapanikizike pakati pa zitsulo zoyenda. Manati akhale odzitsekera okha kapena opakidwa mankhwala oletsa kukhwefuka, omangidwa pa muyezo umene wopanga ananena, chifukwa galimoto imanjenjemera moyo wake wonse. Ndipo ngati chiwongolero chimakwezedwa ndi kutsitsidwa, kawirikawiri chimayenera kusiyidwa pamalo amodzi, poti kuchisuntha kumasintha miyezo yonse ija.

Chimodzi chimene anthu amiyendo sachiganizira ndi chotchingira zopondera. Anthu ambiri ovulala msana miyendo yawo imadzidzimuka yokha n'kuwongoka mwamphamvu, makamaka galimoto ikagunda dzenje. Phazi limene mwini wake salimva likhoza kukanikiza moto, kapena kulowa pansi pa chopondera buleki n'kuchitchinga. Kachitsulo kophimba zopondera, kochotseka pamene wina akuyendetsa, kamathetsa vutoli, ndipo ine sindiona chifukwa chokasiyira.

Zonsezi ziyenera kuyezedwa mwini galimoto atakhala pampando, pa khushoni imene amakhalira tsiku ndi tsiku, mpando uli pamene iye amaufuna. Makaniko wamiyendo yamphamvu akayesa yekha n'kunena kuti zili bwino, wayesa thupi lake, osati la mwini wake. Kuyesa kwenikweni n'kwakuti mwini galimoto akankhe buleki mpaka pamapeto galimoto itaima, ayesenso injini itazima kuti amve kuuma kuja, kenako pabwalo lopanda anthu aime mwadzidzidzi kangapo. M'galimoto ya ABS, chida choletsa matayala kumangika buleki ikagwidwa mwamphamvu, amve kunjenjemera kumene kumabwera m'chogwirira, aphunzire kuti pamenepo sasiya koma amakankhabe.

Dzanja linalo

Dzanja limodzi likatanganidwa ndi buleki ndi moto, linalo limatsala lokha pa chiwongolero. N'chifukwa chake pamaikidwa kachogwirira kozungulira, kamene kamalola munthu kutembenuza chiwongolero mbali zonse osachisiya. Amene zala sizifumbata amaikiridwa chokhala ndi timitengo titatu, tiwiri togwira dzanja m'mbali, kamodzi m'chikhatho. Chilichonse mwa izi chisatchinge njira ya airbag ya pa chiwongolero.

Nanga maindiketa, hutala, mawaipa ndi magetsi? Pa liwiro la makilomita 60 pa ola galimoto imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, choncho kusiya chogwirira cha buleki kuti mukafufuze switchi ya mawaipa si chinthu chaching'ono. Ena amaika batani la maindiketa pa chogwirira chomwecho. Ena amaika kabokosi ka mabatani pa kachogwirira ka pa chiwongolero kaja, kuti chala chachikulu chizichita zonse dzanja lisanasunthe. Handibuleki yolimba imawonjezeredwa chogwirira chofewetsa, ndipo ya magalimoto ena imene imapondedwa ndi phazi imafuna ndodo yakeyake. Yamagetsi, ya batani, ndiyo yosavuta. Zida zambiri zilinso ndi kotsekera buleki kwa kanthawi, kuti dzanja limasuke kukasintha giya, popeza galimoto ya otomatiki silola kuchoka pa P, giya yoimikira, buleki isanagwidwe.

Kwa amene mikono yawo n'njofooka kwambiri, kuli njira zoyendetsera ndi kandodo kakang'ono kamagetsi, monga Space Drive ya kampani ya Paravan ya ku Germany, pamene timakina timatembenuza chiwongolero ndi kukanikiza buleki. Zimenezi zimapangidwa ndi makompyuta ndi magwero a magetsi obwereza kuti china chikafa chinzake chipitirize. N'zodula kwambiri, ndipo kuziphunzira kumatenga nthawi yaitali.

Galimoto yake ikhale yotani

Ikhale ya otomatiki. Ya magiya osintha pamanja n'njotheka, poti zida zamagetsi zoponda kilatchi zilipo, koma kugawira manja awiri chiwongolero, buleki, moto, kilatchi ndi magiya n'kudzisenzetsa katundu wosafunika pamene njira yosavuta ilipo. Chiwongolero chikhale chopepuka, ndipo chida chosunga liwiro chokha chimapumitsa dzanja paulendo wautali.

Koma chimene chimagwetsa anthu ambiri si kuyendetsa, ndi kulowa ndi kutuluka. Chitseko chitseguke mokwanira kuti njinga iyandikire mpando. Mpando usatalikire kwambiri msinkhu wa njingayo, chifukwa kudzikweza ndi mikono kangapo pa tsiku, chaka ndi chaka, kumawononga mapewa, ndipo kwa munthu woyendera njinga mapewa ndiwo miyendo yake. Thabwa lotsetserekerapo limathandiza. Njingayo nayo iyenera kulowa: ena amaipasula n'kuidutsitsa pachifuwa kupita kumpando wina, ena amagwiritsa ntchito makina oikweza pa denga kapena m'buti. Woyendetsa atakhala panjinga yake yomwe amafunika galimoto yaikulu yotsitsidwa pansi, chotsekera njinga cholimba, ndi njinga yoyesedwa pangozi motsatira muyezo wa ISO 7176-19. Ndipo amene khungu lake silimva asamale ndi mpando wotenthetsa, kapena chitsulo chimene chikukhula bondo, chifukwa chilonda chimayamba iye asakudziwa.

Zida zongomangirira ndi zopanga pamanja

Pa intaneti pamagulitsidwa zida zonyamulika, ndodo ziwiri zongomangirira pa zopondera ndi manati opotokola ndi zala. Zili ndi ntchito yake kwa munthu wozolowera kale amene wabwereka galimoto kwa masiku ochepa. Koma sizimangidwa pa chitsulo chilichonse cholimba cha galimoto, zimalendewera pakati pa maondo, ndipo zomangira zake zikhoza kukhwefuka kapena kutsetsereka. Wophunzira asayambire pamenepo, ndipo zisasanduke zida za tsiku ndi tsiku.

Za zida zopanga pamanja ndinena mosamala. Pali malo ambiri padziko pano kumene kulibe katswiri woyeza kapena kampani yoika zida, ndipo anthu aulumali kumeneko akuyendetsa ndi zimene mmisiri waluso anawapangira. Sindingawadzudzule, chifukwa kukhala pakhomo kudikira wokunyamula nakonso kumapha munthu pang'onopang'ono, kumamulanda ntchito ndi ulemu. Koma mmisiri amene walandira ntchito yotere adziwe kuti akupanga chiwalo cha mabuleki. Asawotcherere pa chopondera kapena pa mtengo wa chiwongolero. Ndodo ya buleki ikhale yochindikala mokwanira kuti isapindike munthu akaikankha ndi mantha ake onse, pakuti ndodo yokankhidwa imapindika msanga kuposa yokokedwa. Mfundo zake zikhale zogulidwa, zopangidwira kuzungulira, osati bawuti yolowetsedwa m'bowo n'kumadyeka. Ngati n'kotheka, kugula chida choyesedwa kale kufakitale n'kuchiika motsatira buku lake n'kwabwino kuposa kuchipanga kuyambira pachiyambi.

Kuphunziranso, mapepala, ndi ena oyendetsa

Amene amavutika kwambiri kuphunzira nthawi zambiri ndi amene anayendetsa zaka zambiri ndi miyendo. Pa zinthu wamba amazolowera msanga, koma akadzidzimuka ubongo umatumiza uthenga ku phazi limene silikuyankhanso, ndipo kamphindi kameneko ndi mamita angapo. Mankhwala ake ndi kubwereza, ndi mphunzitsi amene ali ndi buleki yakeyake, mpaka dzanja liziyamba lokha. Kunyamuka pa chikweza, kubwerera m'mbuyo mutatembenuza mutu dzanja likadali pa chogwirira, ndi kuimika pamalo opanikiza, ndizo zimatenga nthawi.

Kuti manja angathe, palibe chokayikitsa. Alex Zanardi wa ku Italy anaduka miyendo yonse iwiri pa mpikisano wa magalimoto ku Lausitzring, ku Germany, mu 2001, ndipo mu 2005 anapambana mpikisano wapadziko lonse ku Oschersleben, ku Germany komweko, pa BMW yosinthidwa, akupatsa moto ndi dzanja. Robert Wickens wa ku Canada, amene anavulala msana pa mpikisano wa magalimoto ku Pocono, ku America, mu 2018, anakhala katswiri wa gulu lake mu 2023 akuyendetsa Hyundai ndi manja. Kumbuyo kwa onsewa kunali mainjiniya amene anayeza chida chilichonse pa thupi la woyendetsayo, n'kuchisintha mobwerezabwereza.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma ambiri amafuna kuti ofesi yopereka malayisensi idziwitsidwe za ulumaliwo, ndipo zida zilembedwe pa layisensi. Ku Britain ndi mayiko a European Union amalemba ndi manambala: 20 ndi mabuleki osinthidwa, 25 ndi moto wosinthidwa, 40 ndi chiwongolero chosinthidwa, 78 ndi galimoto ya otomatiki yokha. A inshuwalansi nawo auzidwe, chifukwa kusintha kumene sanauzidwe kukhoza kuwapatsa chifukwa chokanira kulipira pangozi, ndiponso zidazo n'zofunika kuti zilowe m'chitetezocho.

Zida zambiri zamanja zimasiya zopondera zikugwira ntchito, choncho a pabanja akhoza kuyendetsa ndi miyendo monga mwa nthawi zonse. Auzidwe kuti chogwiriracho asachiseweretse, makamaka ana, ndipo ngati chili ndi chotsekera moto chizitsekedwa. Chopondera moto chakumanzere ndiye choopsa kwambiri kwa mlendo, chifukwa chili pamene phazi lozolowera kilatchi limathamangira. Chizipindidwa kapena kuchotsedwa galimoto isanaperekedwe kwa wina aliyense, kuphatikizapo wotsuka ndi wa kugalaja. Galimoto ikabwera kokonzedwa mabuleki, kapena wina akagwira pansi pa dashibodi, zida ziyesedwenso musanalowe mumsewu. Kamodzi pachaka woika zida aone mfundo zonse, mabawuti, dzimbiri ndi ming'alu. Ndipo m'mawa uliwonse, galimoto isanachoke pa P, kankhani chogwirira mpaka pamapeto, muone ngati mpata uja wa pakati pa zala ndi dashibodi ukadalipo, kenako muchikoke pang'ono n'kuchisiya kuti mumve ngati injini yabwerera msanga pa kulira kwake kwa nthawi zonse.